Kuchepetsa zithunzi za katundu kumapulumutsa bandulo

Malonda ambiri a kaunjika, nsapato, zitenje ndi zipangizo za foni masiku ano akuyambira pa WhatsApp ndi Facebook. Venda akamasula belo ku Limbe kapena pamsika wa Tsoka ku Lilongwe, amajambula chovala chilichonse kuti makasitomala asankhe asanafike pabenchi. Koma netiweki ikafooka, zithunzi zimangozungulira osapita, bandulo n'kutha, kasitomala n'kukagula kwa wina.

Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi kukula kwa zithunzizo. Chithunzi chimodzi cha foni yamakono chimatha kulemera 3MB mpaka 5MB. Wamalonda amene wajambula zovala 300, chithunzi chilichonse cha 4MB, ali ndi katundu wa 1,200MB, kuposa bandulo ya 1GB. Pa netiweki yothamanga 1Mbps, chithunzi chimodzi chotere chimatenga masekondi 32, ndipo zonse 300 zimadya maola awiri ndi mphindi 40. Zithunzi zomwezo zikachepetsedwa kufika pa 200KB chilichonse, zimangokwana 60MB ndipo zimapita m'mphindi zisanu ndi zitatu.

Munthu akatsegula foda ya zithunzi pafoni kapena pakompyuta, amaona tizithunzi tating'ono tondandalikidwa m'mizere. Timeneti pa Chingerezi amati thumbnail. Timapangidwa ndi pulogalamu yoonetsera mafayilo, monga File Explorer ya Windows, ndipo kuti itipange imayamba yawerenga chithunzi chachikulucho. Zithunzi zikakhala mukompyuta momwemo, ntchitoyi imatha mwachangu. Koma zikakhala kwina, monga mufoda ya kompyuta ina yolumikizidwa pa Wi-Fi ya pashopu, pulogalamuyo imakoka zithunzizo kudzera pa netiweki chimodzichimodzi. N'chifukwa chake foda ya zithunzi mazanamazana imatenga nthawi yaitali kutseguka, nthawi zina kompyuta n'kuoneka ngati yauma.

Choncho njira yabwino ndi yakuti ntchito yochepetsa ichitikire komwe zithunzi zili, zonse nthawi imodzi, ndipo pa netiweki pazidutsa zochepetsedwa zokha.

Poyamba wamalonda asamutse zithunzi kuchoka mufoni kupita mukompyuta pogwiritsa ntchito chingwe cha USB kapena memori kadi. Izi sizidya bandulo ngakhale pang'ono. Amene alibe kompyuta atha kupita kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, omwe amapezeka m'misika yambiri, n'kugwirizana nawo mtengo wa ntchito yonse osati wa chithunzi chimodzichimodzi.

Kenako zithunzi zichepetsedwe pamodzi. Kampani ya Microsoft ili ndi pulogalamu yaulere ya PowerToys, momwe muli chida chotchedwa Image Resizer. Munthu amasankha zithunzi zonse mu File Explorer, n'kudina batani lakumanja la mbewa, n'kusankha kukula komwe akufuna. Kukula kwa Medium, komwe ndi 1366 x 768, n'kokwanira kuti kasitomala aone mtundu wa nsalu ndi kasokedwe kake pafoni. Pulogalamu ina yakalekale ya IrfanView imagwiranso ntchito yomweyi. Pa mafoni a Android palinso mapulogalamu ochepetsa zithunzi zambiri nthawi imodzi, koma wamalonda asankhe omwe amagwira ntchito popanda intaneti, chifukwa ena amayamba atumiza chithunzi chonse kwina kuti chikachepetsedwe, bandulo n'kupita chimodzimodzi.

Zithunzi zoyambirira zisafufutidwe. Zimathandiza kasitomala akadandaula kuti chovala chinabwera chong'ambika, chifukwa pachithunzi chachikulu msoko uliwonse umaoneka. Zimafunikanso posindikiza chikwangwani cha shopu, pakuti chithunzi chochepetsedwa sichibwereranso mwakale, ndipo chikakulitsidwa chimaoneka chachimbuuzi. Mafoda akhale awiri, ina ya zoyambirira, ina ya zotumiza.

Mayina a zithunzi nawonso ndi ofunika. Mu File Explorer, munthu akasankha zithunzi zonse n'kudina F2, n'kulemba dzina limodzi monga "jekete", kompyuta imazipatsa yokha manambala motsatizana. Nambala yomweyo ikalembedwa pakapepala komata pachovala komanso pansi pa chithunzi potumiza, kasitomala amangonena kuti akufuna jekete nambala 47, mkangano wa "osati iyi, inayo" n'kutha.

Pashopu pomwe makompyuta awiri kapena atatu amaona foda imodzi kudzera pa Wi-Fi, pali njira yoletsera tizithunzi kuti foda izitseguka msanga. Mu Folder Options, pansi pa View, pali posankha kuti kompyuta izionetsa zizindikiro zokha m'malo mwa tizithunzi. Ogwiritsa ntchito Ubuntu amapeza zofanana mu pulogalamu ya Files, yomwe imalola kuti tizithunzi tizipangidwa pa mafayilo a mukompyuta momwemo basi. Ndi bwino kudziwanso kuti kompyuta imasunga tizithunzi tomwe yapanga kale, ndiye foda ikatsegulidwa koyamba n'kusiyidwa imalize, ulendo wachiwiri sichedwanso.

Pa WhatsApp pali misampha iwiri. Pulogalamuyi imachepetsa yokha chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi, koma chotumizidwa ngati Document chimapita ndi kulemera kwake konse. Batani la HD, lomwe linabwera mu 2023, nalonso limakweza kulemera kwa chithunzi. Ziwirizi zisungidwire kasitomala wooda katundu wambiri amene wapempha kuona bwinobwino. Amene ali ndi WhatsApp Business angachite bwino kuika katundu mu Catalog, yomwe imalandira zinthu zofika 500. Chithunzi chimakwezedwa kamodzi, pamodzi ndi mtengo wake, ndipo makasitomala amadzionera okha m'malo motumizira aliyense payekha.

Wamalonda akumbukire kuti bandulo imathera mbali zonse ziwiri. Kasitomala wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje amene netiweki yake ndi yofooka amatsegula chithunzi chopepuka, cholemera amachidumpha. Poti ndalama ya bandulo imachoka pa phindu lomwelo ngati ya thiransipoti ndi chiphaso cha msika, iyenera kulowa m'kabuku ka ndalama zotuluka sabata iliyonse, kuti kusiyana kwake kuoneke.