KODI KHANSA YA M'MAWERE IMAYAMBA BWANJI?

M'chaka cha 1713, dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba kuti masisitere ankadwala khansa ya m'mawere kuposa amayi apabanja. Iye sanadziwe chifukwa chake. Lero madokotala akutiuza kuti nkhaniyi yagona pa homoni yotchedwa estrogen.

Estrogen imapangidwa m'timatumba ta mazira ta mayi. Ndiyo imakulitsa mawere mtsikana akamatha msinkhu, ndipo mwezi uliwonse imachititsa maselo a m'bere kugawikana ndi kuchulukana. Maselo akamagawikana kawirikawiri, ena amalakwika. Olakwikawo akapitirira kuswana amasanduka chotupa. Pa khansa 10 za m'mawere, pafupifupi 7 zimakula modalira estrogen.

Choncho chiopsezo chimakwera mayi akasamba zaka zambiri: woyamba asanafike zaka 12, wosiya atapitirira zaka 55, ndi amene sanaberekepo, monga masisitere aja. Kubereka ndi kuyamwitsa kumapumitsa msambo. Mayi akasiya kusamba, mafuta a m'thupi ndiwo amapanga estrogen, n'chifukwa chake kunenepa kwambiri paukalamba nkoopsa. Mowa nawo umachulukitsa homoniyi m'magazi.

Umboni wina unapezeka mu 1895 ku Glasgow, pamene George Beatson anachotsa timatumba ta mazira mwa mayi wodwala khansayi, chotupa n'kuchepa. Masiku ano pali mankhwala monga tamoxifen amene amatsekereza estrogen kuti isadyetse chotupa.

Nanga tingapewe bwanji? Zaka zoyambira ndi zosiyira kusamba munthu sasankha, koma izi zili m'manja mwathu:

1. Kuyamwitsa mwana nthawi yaitali.
2. Kuchepetsa kapena kuleka mowa.
3. Kugwira ntchito zolimbitsa thupi ndi kupewa kunenepa kwambiri.
4. Kusamwa mankhwala a mahomoni popanda malangizo a dokotala.

Koposa zonse, m'mera mpoyamba. Mayi akapeza mbulu m'bere kapena m'khwapa, ngakhale usakupweteka, nsonga ya bere ikalowa m'kati kapena ikamatulutsa magazi, apite kuchipatala msanga. Zotupa zambiri si khansa, koma wodziwa kusiyanitsa ndi dokotala. Khansayi si ufiti, ndipo ikapezeka msanga imachizika. Abambo nawonso amadwala, pafupifupi mmodzi pa odwala 100.

Anzanga, tikapita ku tchuthi tikawafotokozere amayi, azakhali ndi alongo athu. Manyazi asatiphetse abale.