Kuyamwitsa mwana wa ng'ombe ndi botolo

Amayi, ng'ombe ikafa pobereka kapena ikakana kuyamwitsa, moyo wa thole umatsalira m'manja mwanu. Zambiri zimathera pa tsiku loyamba lomwelo. Thole limabadwa lopanda chitetezo cha m'thupi, ndipo limachipeza mu mkaka woyamba wachikasu uja. Matumbo ake amatha kutenga chitetezochi kwa maola ochepa okha. Pakatha maola 24 mwayi watseka. Choncho limwetseni mkakawu pasanathe maola awiri libadwire, ndipo mubwerezenso tsiku lomwelo. Ngati make wafa, thamangani kwa mnzanu amene ng'ombe yake yangobereka kumene. Musachite manyazi kupempha.

Muyezo wake ndi wosavuta: lita imodzi pa makilogalamu 10 aliwonse a kulemera kwa thole, patsiku. Thole la makilogalamu 30 limwe malita atatu, theka m'mawa, theka madzulo, pa nthawi zomwezomwezo. Likamakula muziwonjezera. Mkaka ukhale wofunda ngati wongokama kumene. Ikani botolo m'madzi otentha, kenako dontheserani pang'ono pamkono monga mumachitira ndi mwana.

Kagwiridwe ka botolo ndi pamene ambiri amalakwitsa. Thole liyime ndi miyendo yake, khosi litatambasuka ngati likuyamwa kwa make. Likamayamwa chonchi, kanjira ka m'kati kamapinda n'kupititsa mkaka molunjika m'chifu chimene chimagaya mkaka, osagwera m'chifu chachikulu chimene sichinayambe ntchito. Mkaka ukagwera m'menemo umasasa, mimba imatupa. Bowo la nsonga ya botolo likhale laling'ono: mukazondotsa botolo mkaka uzingodontha, usamachite kuyenderera. Ena amakulitsa bowo ndi mpeni kuti amalize msanga apite kumunda, koma mkaka wothamanga umalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Thole lofooka limene silikutha kuyamwa musalithire mkaka kukamwa mokakamiza. Itanani alangizi a ziweto.

Tinene zoona, yesero lilipo lothira madzi mu mkaka wa thole kuti wotsalawo mukagulitse ku gulu. Ndalama ya lita imodziyo ndi yochepa poyerekeza ndi ng'ombe yaikazi ya mawa, makamaka ngati tholelo ndi lomwe mukuyenera kupatsira mayi wina pa gulu lanu.

Botolo ndi nsonga yake muzitsuka ndi sopo ndi madzi otentha mukangomaliza, n'kuziyanika. Mkaka wotsalira m'makona ndi umene umabweretsa kutsekula m'mimba. Thole likatsekula, musalimane mkaka. Lipatseni madzi a mankhwala obwezeretsa mchere m'thupi pakati pa nthawi zoyamwa. Shuga wa pa tiyi ayi, matumbo a thole sagaya shuga ameneyu ndipo kutsekulako kumangowonjezeka.

Kuyambira sabata yoyamba liikireni madzi oyera m'beseni ndi kachakudya kosakaniza ka ana a ng'ombe, kuti chifu chachikulu chiyambe kukula. Likafika miyezi iwiri kapena itatu, n'kumamaliza pafupifupi kilogalamu imodzi ya chakudyachi patsiku, yambani kuchepetsa mkaka pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri.