Njovu za ku Kasungu ndi alimi oyandikana nazo

Anthu akamva za Kasungu amaganiza za fodya, koma ine ndimakonda kuwakumbutsa kuti kumadzulo kwa bomali, m'malire ndi Zambia, kuli paki yachiwiri kukula m'dziko muno, yoposedwa ndi ya Nyika yokha. Inakhazikitsidwa mu 1970.

M'zaka za m'ma 1970 njovu zinalipo zoposa 1,000, koma anthu ofuna minyanga anazipulula mpaka pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50 zokha. Nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, mothandizidwa ndi bungwe la IFAW, inalimbitsa ulonda. Kenako mu 2022, mogwirizana ndi bungwe la African Parks, anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku paki ya Liwonde.

Ntchitoyi ndimaiyamikira, komabe mavuto ake sindingawabise. Njovu ikatuluka m'paki imadya chimanga, imagumula nkhokwe, ndipo anthu ena afa, kuno kwathu komanso ku Zambia. N'chifukwa chake ndikuti mpanda wamagetsi wa m'malire a pakiyi uzisamalidwa nthawi zonse, ndipo mabanja okhudzidwa azithandizidwa msanga. Alimi a fodya nawonso ali ndi mbali yawo: mitengo ya zigafa ndi nkhuni zoumitsira fodya zizichokera m'nkhalango zodzala okha, osati m'paki.

Inu ofuna kuona nyama, pitani m'chilimwe udzu utachepa, pamene njovu zimabwera kudzamwa padamu la Lifupa m'pakimo, pomwe pamakhalanso mvuu. Tengani ndi ana omwe, akadzionere okha chuma chawo ndi kuphunzira kuchiteteza.