Kabokosi ka intaneti nako kamalowetsa mbava

TETE – Kabokosi ka tinyanga kotchedwa rauta, kamene kamagawa intaneti popanda waya m'masitolo, m'masukulu ndi m'maofesi, kangathe kutsegulira mbava njira ngati mwini wake sakasamala.

M'mwezi wa Meyi 2015, akatswiri a kampani ya SEC Consult ya ku Austria analengeza za chilema mu pulogalamu ya NetUSB, yopangidwa ndi kampani ya KCodes ya ku Taiwan. Pulogalamuyi imalola makompyuta onse a m'nyumba kugwiritsa ntchito makina osindikizira olumikizidwa ku rauta. Inali m'marauta a TP-Link, Netgear ndi makampani ena.

Kompyuta ikamalumikizana ndi pulogalamuyi imatumiza dzina lake. Malo osungira dzinalo anali a zilembo 64 zokha, koma pulogalamuyi sinkayeza kutalika kwake. Dzina lalitali linkasefukira pamalo a malangizo ena, ndipo mbava ikanatha kuzimitsa rautayo kapena kuilamulira. Mu 2022, kampani ya SentinelOne inalengeza chilema china mu pulogalamu yomweyo.

Mu 2019, kampani ya Microsoft inati pafupifupi zilema 70 mwa 100 zilizonse zimene imakonza chaka ndi chaka ndi zokhudza kusasamala malo osungira zinthu m'mapulogalamu, monga chimenechi.

Mankhwala ake ndi kuika mu rauta pulogalamu yatsopano yochokera kwa opanga. Eni ake asinthenso mawu achinsinsi amene anabwera nayo, kuti alendo asalowemo. Rauta yakale imene opanga anasiya kuikonza njofunika kuisintha, ngakhale ikuyakabe.