CISANKHO CA M'BUNGWE LA ANCHITO: AWERENGE MAVOTI NDANI?

Kuno ku Mzimba alipo anthu ambiri amene ali m'mabungwe a anchito. Aphunzitsi ali ndi lao, Teachers Union of Malawi, a m'maofesi a pa Boma ali nalo lao, ndipo ena mwa abale athu a ku Joni alowa mabungwe a kumeneko. M'bungwe lotere ziripo nkhani ziwiri zazikuru zimene mamembala ayenera kugamula okha: kusankha atsogoleri, ndi kubvomera kapena kukana sitalaka, ndiko kunyanyala nchito. Pa ziwirizi langizo ndi limodzi: mwini nkhani asasunge bokosi, asawerenge mavoti.

CIFUKWA NINJI PAFUNIKA MUNTHU WAPADERA?

Mlembi amene afuna kusankhidwanso angakhale munthu woona mtima ndithu. Koma akawerenga yekha napambana, ogonja adzati waba, ndipo bungwe lidzagawanika. Kukweza manja pa msonkhano nakonso sikupereka coonadi. Mphunzitsi wacinyamata sangakweze dzanja kutsutsa mkulu wa sukulu yace ali pomwepo, ndipo mai amene aopa kuchedwa wogulitsa anzace adzangotsata gulu. Voti ya m'cinsinsi icotsa manthawo.

Ife a Malawi tazionapo izi. Pa referendamu ya pa 14 June 1993 anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo panagwirizanidwa kuti bokosi likhale limodzi, kuti munthu asadziwike mbali yace poona bokosi limene wapitako. Pa 3 February 2020 khoti linathetsa cisankho ca Pulezidenti ca 2019, ndipo cimodzi mwa zifukwa cinali kufufuta manambala ndi Tipp-Ex. Phunziro la cisankho ca dziko ligwiranso pa cisankho ca anthu 40.

MAIKO ENA ACITA BWANJI?

Ku Britain lamulo la 1984 linakakamiza mabungwe kuponya voti m'cinsinsi posankha atsogoleri ndi poyamba sitalaka. Mu 1988 anaonjeza kuti cisankho ca atsogoleri ciyang'aniridwe ndi munthu wa kunja kwa bungwe, ndipo mu 1993 anatero ndi voti ya sitalaka. Woyang'anirayo aona kuti pepala liri lonse liri ndi nambala yace, kuti lafika kwa mwini wace, ndi kuti mavoti awerengedwa bwino, kenaka alemba lipoti limene membala ali yense angalione. Ku South Africa, kuyambira pa 1 January 2019, malamulo a bungwe liri lonse ayenera kunena kuti sitalaka isanayambe mamembala aponye voti m'cinsinsi ndipo zotsatira zilembedwe.

NJIRA YABWINO NDI IYI

Kuno positi ingacedwetse zinthu, ndipo masukulu atalikirana, ena ku Edingeni, ena ku Embangweni, Jenda, Luwerezi ndi Khosolo. Kotero nkwabwino kuika bokosi m'dera liri lonse tsiku limodzi, kuti wa kutali asamanidwe. Woyendetsa akhale munthu amene mbali zonse zamubvomera, wosakhala m'bungwemo ndiponso wosadya kwa olemba nchito. Tsono atsate izi:

1. Ndandanda wa mamembala olipira ukhomedwe poyera masiku angapo tsikulo lisanafike, kuti amene dzina lace lasiyidwa adandaule msanga.

2. Mapepala awerengedwe asanagawidwe, ndipo ciwerengero cace cilembedwe.

3. Bokosi lionetsedwe kwa onse liri lopanda kanthu, kenaka litsekedwe.

4. Munthu aconge ali yekha pobisika, apinde pepala, aponye ndi dzanja lace.

5. Kuwerenga kucitike pomwepo, mboni za mbali zonse zikuona. Mapepala oponyedwa, oonongeka ndi otsala akaphatikizidwa afanane ndi ciwerengero coyamba cija.

6. Mboni zisaine, ndipo ili yonse itenge kope lace. Nambala ikalakwika, isafufutidwe. Aidule ndi mzere, alembe yoona pambali, onse asainenso.

Pa voti ya sitalaka funso likhale lalifupi, loyankhidwa ndi INDE kapena AI, ndipo aponye okhawo amene adzaleke nchito ngati ambiri abvomera.

LAMULO LA MALAWI LITI BWANJI?

Ndime 31 ya Malamulo Akuru a dziko, a 1994, ipatsa munthu ufulu wolowa m'bungwe la anchito, ndipo ilamula Boma kuteteza ufulu wonyanyala nchito. Njira yace iri m'lamulo la Labour Relations Act la 1996. Voti yokha siikwanira ai. Coyamba mkangano ukanenedwe kwa Mlembi Wamkuru wa Unduna wa za Nchito, ndipo pakhale masiku 21 oyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Zikakanika, anchito apereke cidziwitso colembedwa ca masiku 7 sitalaka isanayambe.

Aphunzitsi azindikire ici: ngati wolemba nchito ndi Boma lomwe, woyanjanitsa akhale munthu amene mbali ziwiri zagwirizana, ndipo zikalephera kugwirizana amsankha ndi khoti la za nchito, Industrial Relations Court. Apanso lamulo likana kuti mwini mlandu akhale woweruza.

Mkangano wa pa tanthauzo la lamulo kapena la pangano la nchito upite ku khoti lomwelo, limene kumpoto kuno liri ku Mzuzu. Ogwira nchito zimene zikaima miyoyo ya anthu ikhala pangozi saloledwa kunyanyala. Ndipo kuyambira mu 2021, sitalaka ikapitirira masiku 3 pa caka, wolemba nchito ali ndi mphamvu yodula malipiro a masiku oonjezawo.

Mfundo yotsirizayi ndiyo ilemeretsa voti yanu. Sitalaka ikhudza ndarama za feteleza ndi fizi ya ana, za amene anaifuna ndi amene sanaifune omwe. Mu 2021 aphunzitsi atanyanyala cifukwa ca ndarama za ciopsezo ca Covid-19, ana a m'midzi nawo anakhala pakhomo. Nkhani yotere siyenera kugamulidwa ndi amene ali ndi mau okweza pa msonkhano.

Cotero, inu a m'bungwe, pemphani mlembi wanu akuonetseni buku la malamulo a bungwe lanu, muwerenge ndime ya cisankho. Ngati siinena za woyang'anira wapadera, dzutsani nkhaniyo pa msonkhano wotsatira. Ofuna kumva zambiri za lamulo apite ku ofesi ya Leba pa Boma la Mzimba.