Ovaova wa m'galimoto amafuna chiphaso

Namondwe wa Freddy atakokolola mudzi wa Ntauchira kuno ku Chiradzulu m'Malichi 2023, magetsi adathima ndipo mafoni m'madera ambiri adangosanduka zidole. Nchifukwa chake sindidabwa ndikamva madalaivala oyenda m'misewu yafumbi ya ku Namitambo ndi kwa Nkalo akusirira mawailesi olankhulirana aja timati ovaova. Ovaova salira netiweki kapena mayunitsi.

Koma kugula wailesi si chilolezo choyankhulirapo. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 lidapatsa bungwe la MACRA mphamvu zogawa mafunde a wailesi, ndipo wofuna kuwagwiritsa ntchito amayenera kutenga chiphaso. Ngakhale akatswiri ochezerana pa wailesi, omwe kuno nambala zawo zoitanirana zimayamba ndi 7Q, ali ndi malire awo, monga 144 mpaka 146 MHz. Chiphasocho n'chophunzirira luso ndi kucheza, osati kuyendetsera bizinesi ya matola.

Choopsa ndi kutsegula wailesi kuti izifika paliponse. Ena, monga a Baofeng otsika mtengo aja, amabwera ali otsegula kale. Mafunde enawo ali ndi eni ake: apolisi, ma ambulansi, ndipo pa 118 mpaka 137 MHz ndi pomwe ndege zimalankhulirana ndi nsanja ya ku Chileka. Nthabwala za dalaivala wotitimira m'matope zitha kuphimba mawu a namwino woitana ambulansi.

Pempho langa kwa a MACRA n'loti abwere pa boma mvula isanagwe, adzafotokozere madalaivala ndi makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi mafunde oyenera iwo komanso mtengo wa chiphaso.