Dzala la midzodzo

Loweruka lina mayi ena oyandikana nafe kuno ku Manja anandipeza pakhonde ndikugwedezera chiswe m'kambale. Anaima kaye n'kundifunsa kuti, "Achimwene, chiswechi ndi cha anapiye?" Nditawauza kuti ndi cha midzodzo imene ndimaweta m'chipinda chakuseri, anagwira pakamwa. "Midzodzo amaweta? Nanga ikadzatuluka usiku, ife ndi ana tidzathawira kuti?"

Funso lawo linali lomveka, ndipo ndi limene anthu ambiri amandifunsa akamva kuti ntchito yanga ndi yofufuza za nyerere zodya nyama. Ndazindikira kuti mantha amenewa gwero lake ndi linthumbu. Amene anadzutsidwapo pakati pa usiku linthumbu litalowa m'nyumba, kapena anapezapo nkhunda zitafera m'khola, saiwala. Choncho ndiyambe ndi kukhazika mitima pansi: linthumbu siliwetedwa. Asayansi amalitcha Dorylus. Gulu limodzi limakhala ndi nyerere mamiliyoni, zantchito zake zilibe maso, ndipo manthu wake, amene amatha kufika masentimita 5, ndiye nyerere yaikulu kuposa ina iliyonse padziko. Moyo wake ndi wa ulendo: likatha zakudya pamalo limanyamula mazira ndi mphutsi n'kusamuka. Palibe beseni limene lingasunge mtundu wotere. Ndingowonjezera kuti tizilombo tija tamimba yaitali ngati soseji, timene timadzigunditsa pa babu nthawi ya dzinja, ndi amuna a linthumbu, ndipo alibe mbola.

Midzodzo ndi nkhani ina. Dzinali anthu amalipereka kwa nyerere zikuluzikulu zakuda za mitundu ingapo, koma imene ndimaweta ine ndi ija imayenda pamzere m'mawa ndi madzulo, imene imalira kuti tswii mukaipondera pafupi. M'mabuku ndi Megaponera analis. Gulu lake ndi laling'ono, cha m'ma 1,000 kapena 2,000, ndipo limadya chiswe basi. Kazitape mmodzi amatuluka yekha kukafunafuna. Akapeza pamene chiswe chikudya amabwerera kukaitana anzake, n'kuwatsogolera mazana angapo. Ikuluikulu imagumula timipanda tadothi ta chiswe, ing'onoing'ono imalowa mkati kukapha, kenaka yonse imabwerera itasenza. Kuti munthu aone zimene zimachitika ikafika kwawo, pansi pa nthaka, ayenera kuimangira nyumba yokhala ndi denga la galasi. Chifukwa chowetera nyerere ndi chimenechi.

Nyumbayo ili ndi mbali ziwiri, kuchipinda ndi pabwalo. Kuchipinda timaumba ndi ufa woyera uja amapangira chikhakha kuchipatala munthu akathyoka. Timauthira m'kontena yapulasitiki, n'kusiya timaenje tosaya tolumikizana, pamwamba n'kuikapo galasi. Ufawu ukauma umamwa madzi ngati mtsuko wadothi ndipo umasunga chinyezi. Njirayi si yatsopano. Charles Janet wa ku France ankaigwiritsa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pagalasipo timavindikira katoni kapena pepala lapulasitiki lofiira, poti nyerere zimafuna mdima ndipo kuwala kofiira sizikuona bwino. Kuchokera kuchipindako kumapita kapaipi kukatulukira pabwalo, lomwe kwa ine ndi beseni lalikulu la mumsika wa Limbe lothiramo mchenga pang'ono. M'mphepete mwa beseni, chakumtunda, ndimapakamo paudala wa ana wosakaniza ndi sipiriti. Sipiritiyo akauluka pamatsala poterera, nyerere ikafikapo imagwera pansi. Pamwamba pali chivindikiro cha sefa kuti mpweya uzilowa.

Miyendo ya tebulo loikapo zonsezi ili m'zitini za madzi, monga ankachitira amayi athu ndi kabati ya shuga. Alendo amaganiza kuti ndikuopa kuti midzodzo ithawa. Koma zitinizo zimatchinga tinyerere ta m'nyumba, tija timabwera pa nyenyeswa za buledi. Ndi tating'ono koma tochuluka, ndipo tikalowa m'beseni titha kupha gulu lonse la midzodzo imene ilibe kothawira.

Pali zinthu ziwiri zimene oyamba kumene amalakwitsa chifukwa cha mtima wabwino. Amamanga nyumba yaikulu, ndiye amathira madzi paliponse. Nyumba ikakula kuposa gulu, nyerere zimasandutsa zipinda zopanda ntchito kukhala kudzala, ndipo zinyalala zikakhala pachinyezi zimachita chuku. Madzi nawo amathiridwa mbali imodzi yokha, mbali ina izikhala youmirapo. Nyerere zimadziwa zokha pogoneka ana: mazira ndi mphutsi kumbali yonyowa, zikwa kumbali youma. Kuno kwathu nyengo imasinthasintha, ndiye woweta ayenera kuyang'ana kumwamba. Mu Okutobala, pansi pa malata, chisa chimauma msanga ndipo kutentha kokhako kutha kupha. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika m'phiri la Soche, midzodzo imachita ulesi, imadya pang'ono, ndipo madzi amene munathira Lolemba mumawapezabe Lachisanu.

Pa chakudya pali chinthu chimene ambiri sadziwa. Nyerere yaikulu simeza nyama. Chiuno chake ndi chopyapyala kwambiri, ndiye chimene chimadutsa ndi zamadzimadzi zokha. Zotsalira zimaunjikana m'kathumba kena m'kamwa, n'kukalavulidwa kudzala. Odya nyama enieni ndi mphutsi. Gulu likakhala ndi mphutsi zambiri limasaka mwamphamvu, zikachepa nalonso limachepetsa. Muyezo wa chakudya uli pamenepo. Chiswe ndimakola ndi mphika wakale: ndimadzazamo mapesi ouma, kuwaza timadzi, n'kuuvundikira pamene chiswe chimadutsa. Pakapita masiku ochepa mphika umakhala utadzaza. Kachilombo kalikonse kamene kafa ndi Doom sikayenera kufika m'beseni, ndipo m'chipindamo simuyatsidwa koyilo wa udzudzu.

Tsopano ndifike pa dzala, pamene pagona ntchito yonse. Nyerere ndi zaukhondo kuposa mmene timaziganizira. Zimadzinyambita, zimanyambitana, zimanyambita mazira kuti asachite chuku. Mitu ya chiswe, zikwa zotha ntchito ndi mitembo ya anzawo zimakataya pamalo amodzi, kutali ndi ana. Mu 1958 Edward O. Wilson wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake anasonyeza kuti nyerere zimazindikira mtembo ndi fungo la mafuta ena, oleic acid, amene amatuluka thupi likayamba kuwola. Atapaka mafutawo pa kapepala, nyerere zinakanyamula n'kukakataya kudzala. Kutchire dzala limeneli silikhalitsa. Dzuwa limaliwumitsa, mvula imalikokolola, tizilombo tina timadya zotsalazo, ndipo malo akaipa gulu limangosamuka. M'beseni mulibe dzuwa, mulibe mvula, mulibe kosamukira. Zinyalala zimene nyerere zatulutsa mwaulemu zimangokhala pomwepo kudikira munthu.

Ndiye m'mawa uliwonse, ndisanamwe tiyi, ndimatenga kopanira ndi kasupuni n'kuwola dzalalo. Chiswe chilichonse chakufa chimene chagona pabwalo osadyedwa chimachoka. Koma sindingotaya, ndimayamba ndaliwerenga. Zikwa zong'ambika zikachuluka ndiye kuti kwabadwa ana. Mitembo iwiri kapena itatu ndi imfa ya ukalamba; ikafika khumi m'mawa umodzi, pali chimene chalakwika, ndipo ndimayang'ana madzi, kutentha ndi chakudya cha dzulo. Ndimayang'ananso miyendo ndi mitu ya amoyo ndi galasi lokuza zinthu. Timadontho toyera tomatirira pamenepo ndi tinthata, timene timaswana pa zakudya zowola m'malo onyowa, ndipo tikachuluka nyerere imalephera ngakhale kudzipukuta.

Kuchipinda kwenikweniko sindilowetsako dzanja, ndipo sopo safikako. Nyerere zimadziwana ndi fungo, ndipo fungolo lili pathupi pawo ndi pamakoma a nyumba yawo. Mukatsuka ndi sopo mwazisandutsa alendo kwawo komwe. Chuku chikamera mkati, mankhwala ake ndi kulumikiza chisa chatsopano, chamdima ndi chachinyezi, kenaka kuvundukula chakalecho n'kusiya kuchithirira. Pakapita tsiku limodzi kapena angapo mudzaona zikusamutsa ana zokha, mmodzimmodzi.

Zimenezi ndinaziphunzira ndi misozi. Gulu langa loyamba ndinalikumba m'munda wa achibale cha ku Mpemba. Mwezi wina wa Okutobala kunagwa maliro kumudzi, ndipo podziwa kuti ndikakhalako masiku anayi, ndinathira chiswe chambiri m'beseni ndi madzi ochuluka m'chisa kuti zisavutike ndili kutali. Pobwera ndinapeza chiswe chitawolerana, chuku chitayera m'zipinda, tinthata tili ponseponse. Pasanathe milungu iwiri manthu anafa, ndipo gulu lopanda manthu latha basi. Njala ya masiku anayi ikanapirika. Chinazipha ndi chakudya ndi madzi amene ndinawonjeza.

Kufunika kwa ukhondo kwa nyerere zimenezi kunaonekera bwino pa kafukufuku wa Erik Frank wa ku yunivesite ya Würzburg ku Germany, amene anakachitira ku nkhalango ya Comoé ku Côte d'Ivoire. Asilikali a chiswe amaluma, ndipo midzodzo ina imachoka kunkhondoko itaduka miyendo kapena chiswe chitaikakamira. Mu 2017 Frank ndi anzake analemba kuti wovulala amatulutsa fungo loitana anzake, ndipo iwo amamunyamula kupita naye kwawo. Chaka chotsatira anaonetsa zimene zimachitika mkati mwa chisa: anzake amanyambita balalo kwa mphindi zingapo. Mwa ovulala amene anasiyidwa okha padothi wamba, 80 pa 100 alionse anafa pasanathe tsiku. Mwa amene ananyambitidwa anafa 10 okha pa 100. Koma chimene chimandikhudza ine monga woweta ndi gulu lachitatu: ovulala amene sanathandizidwe koma anaikidwa padothi lophedwa majeremusi, anafa 20 okha pa 100. Ndiye kuti chimapha kwambiri ndi uve wolowa pabala. Mu 2023 anapezanso kuti bala likalowa majeremusi, midzodzo imazindikira ndipo imapakapo mankhwala ochokera m'kachiwalo ka m'mbali mwa chifuwa chake, momwe muli zinthu zoposa 100 zosakanikirana. Ndikamaona mdzodzo wa miyendo isanu ukuyenda m'beseni langa patapita masiku chivulalireni, ndimadziwa kuti achipatala ake agwira ntchito yawo, ndipo yanga ndi kuonetsetsa kuti pansi pamene wodwalayo akuponda ndi poyera.

Achinyamata ena, makamaka a kusekondale, amabwera kudzaona ndipo amafuna kuyamba tsiku lomwelo. Ndimawauza kuti asayambe ndi midzodzo. Mbola yake imawawa, imafuna chiswe chamoyo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo manthu wake alibe mapiko. Gulu latsopano limabadwa pogawikana ndi lakale, ndiye kuti muipeze muyenera kufukula mudzi wonse. Mitundu ina yambiri ndi yosavuta. Mvula yoyamba ikagwa, amanthu ake amauluka, kukwatiwa, n'kuthothola mapiko. Mukatola mmodzi akuyenda pansi, muikeni m'kabotolo kagalasi kakatali kothira madzi mpaka theka, madziwo mutawatseka ndi thonje, kukamwa kwake n'kutsekanso ndi thonje louma. Kaikeni pamdima ndipo musamusokoneze. Adzaikira mazira ndi kulera ana oyamba yekha. Koma dziwani kuti mwatenga udindo wa nthawi yaitali. John Lubbock wa ku England anasunga manthu mmodzi kuyambira 1874 mpaka 1888.

Timabotolo ta thonje tomweti ndi timene tinatchuka ku Kenya mu Epulo 2025, pamene anyamata awiri a ku Belgium anagwidwa ku Naivasha ndi nyerere pafupifupi 5,000 zimene zinkapita kwa oweta a kunja. Khoti linawalipiritsa mashilingi 1 miliyoni aliyense. Chilangocho ndimagwirizana nacho. Manthu aliyense wochotsedwa m'nthaka ndi mudzi wathunthu umene sudzakhalapo, ndipo nyerere yopititsidwa kudziko lachilendo ikapulumuka m'botolo itha kusanduka mliri. Kwathu kuno lamulo langa ndi lalifupi: wetani za m'dera lanu lomwe, musagule kapena kugulitsa kunja, ndipo m'nkhalango zotetezedwa ngati ya Michiru musatengemo kanthu popanda chilolezo cha boma.

Mayi aja anadzalowa m'chipindamo patapita masiku, ataima chapakhomo, mdzukulu wawo ali kutsogolo. Ndinathira chiswe pakona ya beseni, tinadikira, kazitape anachipeza, mzere unatuluka m'kapaipi. Mwanayo ndi amene anayamba kuona kuti pobwerera mdzodzo wina wanyamula mnzake, miyendo atapinda. Agogo akewo anasendera pafupi n'kufunsa ngati wafa. Ndinavundukula katoni pang'ono kuti adzionere okha anzake atamuzungulira akumunyambita.

Inunso mutha kuona gawo loyamba la zimenezi popanda beseni. Mukakumana ndi mzere wa midzodzo panjira ya kumunda kapena kuseri kwa mpanda, musauthire madzi otentha; ikupita kukapha chiswe chomwe chimadya mapaso a nyumba yanu ndi chimanga chanu. Patukani pang'ono, dikirani kuti izibwerera, ndipo muyang'anitsitse zimene yasenza.